Chingwe choyamba, nthenga pambuyo

Munthu amene anakulira pa mbedza ndi nyongolotsi akayamba kuwedza ndi fly, chimene chimamuzunguza mutu n'chakuti nyamboyo ilibe kulemera. Kwathu timadziwa kuti chouluka ndi chimene chili kunsonga, kaya ndi kachitsulo, kaya ndi nyongolotsi yonenepa, ndipo chingwe chimangolondola pambuyo. Pa fly zinthu n'zozondoka. Nyambo yake ndi nthenga, ubweya ndi ulusi zomangidwa pa mbedza. Tatengani nthenga ya nkhuku muiponye ndi dzanja muone pomwe igwere. Pamapazi panu pomwepo. Cholemera pa usodzi uwu ndi chingwe. Chingwe ndicho chimauluka, nyambo imangokwera matola.

Ndiye amene akufuna kuwedza bass mwa njira imeneyi ayambe waganizira za chingwe. Vuto ndi lakuti mukalowa m'sitolo ya zowedzera, maso amathamangira ku timabokosi ta nyambo, tofiira, tachikasu, tina tonyezimira ngati ndolo za mkwatibwi. Chingwe chili phee m'katoni kake kukhoma, chosaoneka bwino, koma chodula moti ukamva mtengo umayamba wakumbukira kuti mayi anaimba foni dzana za feteleza.

Ine ndimakhala ku Western Cape kuno ku South Africa, ndipo tsiku langa lopuma limathera m'mbali mwa madamu. Anzanga amene timachokera limodzi amandiseka. Amati munthu wakunyanja, wodziwa chambo ndi kampango, n'kumakathera tsiku lonse akukwapula mpweya ndi ndodo ngati akuthamangitsa njuchi? Ndimawasiya aseke. Koma popeza awiri atatu ayamba kundifunsa m'seri kuti zimenezi amayamba bwanji, ndati ndilembe pano.

Bass si nsomba ya ku Africa. Kwawo ndi ku North America. Mtundu wa pakamwa papakulu, largemouth, unafika muno mu 1928, ndipo wa pakamwa pochepa, smallmouth, unabwera mu 1937. Largemouth imakonda madzi odekha, ofunda, a zitsa ndi udzu, ngati madamu a m'mafamu kapena Theewaterskloof. Smallmouth imakonda miyala ndi madzi oyenda, ndipo damu la Clanwilliam pa mtsinje wa Olifants limadziwika nayo kwambiri. Zonse ziwiri khalidwe lake ndi la mbava ya pakona. Siziyendayenda kufunafuna chakudya tsiku lonse ayi. Zimabisala pansi pa chitsa, m'mphepete mwa bango, pamthunzi wa thanthwe, kudikira kuti chinachake chofooka chidutse. Kansomba, chule, nkhanu, tombolombo, ngakhale kambewa kogwera m'madzi, zonse ndi ndiwo. Ndipo largemouth ikayasamula, kukamwako nkhonya ya mwana ikhoza kulowa.

Mfundo imeneyi ndiyo gwero la zonse. Nsomba ya kukamwa kotero siifuna tizilombo tating'onoting'ono ngati timene amawedzera trout ku Zomba kapena ku Nyika. Imafuna nyambo yaikulu. Nyambo yaikulu ya nthenga ndi ubweya imagwira mphepo ngati ambulera, ndipo ikanyowa imalemera ngati sokosi yochapa. Kuti chinthu chotere chifike mamita 15, pamafunika chingwe cha mphamvu.

Zingwe za fly zili ndi manambala, ndipo manambalawo si okongoletsa. Amayeza kulemera kwa mapazi 30 oyambirira a chingwe, omwe ndi mamita 9 ndi pang'ono. Chingwe cha nambala 5 gawo limeneli limalemera pafupifupi magalamu 9. Cha nambala 6 ndi magalamu 10 ndi kanthu, cha 7 ndi 12, cha 8 chimayandikira 14. Ukaziona papepala umati kusiyana kwake n'kochepa, magalamu asanu okha pakati pa 5 ndi 8, kasipuni ka shuga. Koma m'dzanja ndi nkhani ina. Ndi nambala 5, chule wa ubweya amakanirira m'mwamba, chingwe chimakomoka chisanatambasuke, nyambo n'kugwa mulu umodzi ndi chingwe chake. Ndi nambala 8, chule yemweyo amapita mosanyinyirika.

Ambiri muno amayamba ndi ndodo ya nambala 5 chifukwa ndi imene amagulitsa kwambiri, ya trout. Sindikunena kuti bass singagwidwe nayo. Imagwidwa, makamaka ndi tinyambo tochepa. Koma ngati mukugula koyamba ndipo cholinga ndi bass, ine ndimati 7. Amene akawedze m'madamu odzaza udzu ndi mitengo yomira atenge 8, chifukwa pamenepo nkhondo yake ndi ya masekondi asanu oyambirira: nsomba ikangoluma imathamangira kuchitsa, ndipo ukapanda kuitembenuza msanga, basi, mwatsanzikana. Palinso mphepo. Amene anakhalapo ku Nkhotakota kapena ku Salima amaudziwa mwera. Kunonso kuli mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa, kungoti yathu imavuta m'nyengo yozizira pomwe ya ku Cape imalusa m'chilimwe, nthawi yomwe bass ikudya bwino. Chingwe chopepuka pa mphepo imeneyo chimabwerera kumaso kwako.

Nambala ikadziwika, pali kapangidwe. Chingwe cha fly, chomwe chimatalika mamita pafupifupi 27, sichofanana kunenepa kuyambira kumutu mpaka kumchira. Zimene pakatoni palembedwa WF kulemera kwake kuli kutsogolo, kumbuyo n'kowonda kuti kuzitsetsereka bwino m'timphete ta ndodo. Mwa zimenezi muli zina zimene amazitchula bass taper kapena bass bug taper. Izi mutu wake ndi wamfupi, wonenepa, ndipo umathera mwadzidzidzi kunsonga. Chingwe cha trout chimawonda pang'onopang'ono kuti nyambo itere pamadzi mwaulemu, nsomba isadzidzimuke. Bass ulemu umenewo ilibe nawo ntchito. Chule akagwa m'madzi amamveka kuti phava, ndipo phokoso limenelo ndi belu la nkhomaliro. Mutu wamfupi uja umasunga mphamvu mpaka kunsonga kuti ugubuduze nyambo yaikulu. Ubwino wina ndi wakuti sufuna kukupiza kambirimbiri m'mwamba. Kukweza, kubweza kumbuyo kamodzi, kuponya. Pa damu la pafamu, pomwe kumbuyo kwako kuli waya waminga ndi mitengo ya bulugamu, zimenezi zimapulumutsa nyambo zambiri.

Tsono funso limene anthu amakangana: choyandama kapena chomira? Ngati ndalama ikukwana chingwe chimodzi, gulani choyandama, musamve za wina. Ndi chimenecho mutha kuwedza pamwamba ndi popper, muthanso kumangirira nyambo yolemera n'kufika mita imodzi ndi theka kapena awiri pansi. Madamu ambiri a m'mafamu, malo omwe bass imadyera m'mawa ndi madzulo saposa pamenepo. Komanso chingwe choyandama umachiona. Nthawi zina bass siluma mwaukali, imangoyamwa nyambo ikumira, ndipo chizindikiro chokha ndi nsonga ya chingwe kugwedera pang'ono kapena kuyamba kuyenda cham'mbali.

Chachiwiri, tsiku limene thumba lalola, ndi chimene amati intermediate, chomira mwaulesi, masentimita atatu kapena asanu pa sekondi. Chimathandiza masana dzuwa likakwera nsomba zitatsika, ndiponso tsiku la mafunde, chifukwa chimakhala pansi pa mafundewo ndipo chimakulumikiza ndi nyambo molunjika. Zomira msanga zilinso ndi manambala ake. Cha type 3 chimatsika mainchesi atatu pa sekondi, ndiye kuti kufika mamita atatu uyenera kuwerenga mpaka 40 usanayambe kukoka. Kuwedza kotere kumagwira nsomba m'miyezi yozizira, June ndi July, koma ine sikundisangalatsa. Kuponya, kuima, kuwerenga ngati uli pa mzere wa kubanki. Ndipo ukamawedza uli pamtunda, chingwe chomira chimakwawa pansi n'kumakola chitsa chilichonse. Ndi chida cha anthu a mabwato.

Chinthu chimene ogulitsa ambiri satchula ndi kutentha. Chingwe ndi pulasitiki wokutira ulusi wa m'kati, ndipo pulasitiki amamvera nyengo. Chopangidwira madzi ozizira chikakumana ndi dzuwa la January chimafewa ngati chingamu, chimamata m'timphete, sichiuluka. Chopangidwira kotentha chikakumana ndi m'mawa wa July chimauma, chimakhala chopotanapotana ngati waya wa foni zakale za m'maofesi. Bass timaiwedza kwambiri kukatentha, choncho funsani cha madzi ofunda. Ndipo mukafika kunyumba chipukuteni ndi kansalu konyowa ndi sopo pang'ono. Madzi a m'madamu ali ndi matope ndi ndere, ndipo chingwe chakuda chimayamba kumira chokha. Chosamalidwa chimatha zaka zingapo. Chosiyidwa m'galimoto padzuwa chimang'ambika chaka chisanathe.

Pakati pa chingwe ndi nyambo pamakhala nayiloni woonekera, amene amati leader. Apa musawononge ndalama. A trout amagwiritsa wautali, wowonda ngati tsitsi. Wa bass akhale wamfupi, mamita awiri, wonenepa kumtunda, kunsonga wotha kupirira makilogalamu asanu mpaka asanu ndi awiri. Ine ndimalumikiza ndekha zidutswa zitatu za nayiloni wamba wa m'sitolo. Nayiloni wowonda amapotana ndi popper, ndipo sakhalitsa akakhudza khungwa la chitsa. Pa chingwe chomira, leader afupike kufika mita imodzi, apo ayi chingwe chidzakhala pansi nyambo ikadali m'mwamba kumene kulibe nsomba.

Tibwere ku nthenga zija.

Mabokosi a anthu ena amakhala ndi nyambo mazana. Ndikawayang'ana ndimakumbukira azakhali anga amene anali ndi mbale zadothi zodzaza kabati koma tsiku lililonse tinkadyera m'mbale ziwiri zomwezo. Bass imadya pamalo atatu: pamwamba, pakati, pansi. Mukakhala ndi nyambo ya malo alionse mwa atatuwa, mwakwana.

Pamwamba, popper. Ndi kamutu ka thovu louma kapena kamtengo kopepuka, kutsogolo kwake kokumbika ngati kachikho, kumbuyo nthenga ndi timiyendo ta labala. Ukakoka chingwe mwamphamvu kamodzi kamalira kuti bulu, n'kusiya thovu. Chinsinsi chake si kulirako koma kukhala chete kotsatira. Iponyeni pafupi ndi bango, muisiye mpaka timafunde tonse tithe. Kokani kamodzi. Dikiraninso. Manja amayabwa, mtima umati koka, koka, koma bass nthawi zambiri imakhala ili pansi pake ikuyang'ana, ndipo imaluma nyambo itaima. Madzi amangophulika. Ndawedzapo nsomba zambiri pa moyo wanga, zina zazikulu kuposa bass iliyonse, koma palibe imene imandidumphitsa mtima ngati imeneyi pa nthawi imeneyo, dzuwa likulowa, madzi ali bata ngati galasi.

M'bale wake wa popper ndi Dahlberg Diver, imene anaipanga Larry Dahlberg wa ku America. Mutu wake ndi ubweya wa gwape wa kwawoko, womwe uli ndi mpweya m'kati mwake, n'chifukwa chake umayandama. Amaumeta mosongoka kutsogolo, kumbuyo n'kusiya kolala. Ukakoka imamira pang'ono ikutulutsa thovu, ukasiya imabwerera pamwamba. Chule weniweni amachita chimodzimodzi. Kuipa kwake, ikagwira nsomba ziwiri zitatu imamwa madzi n'kuyamba kulemera, ndipo ndi yodula chifukwa kumanga kwake n'kwa nthawi. Ndimakhala nazo ziwiri basi, ndipo ndimazitulutsa pomwe pali akakombo ambiri.

Pakati ndi pansi, mfumu ndi Clouser Minnow. Anaipanga Bob Clouser cha m'ma 1987, kuti aziwedzera smallmouth mu mtsinje wa Susquehanna ku Pennsylvania. Ukaiona ili youma umakhumudwa: timaubweya tochepa, toyera pansi, tobiriwira pamwamba, ndi timaso tiwiri tachitsulo. Nzeru yonse ili pa timasoto. Anatimangirira kumsana kwa mbedza, ndiye kulemera kwake kumatembenuza nyambo kuti nsonga ya mbedza iziyang'ana kumwamba. Imadutsa pamiyala ndi pazitsa osakola kawirikawiri. Ndipo ukasiya kukoka imagwa chamutu ngati kansomba kovulala. Kukwera, kugwa, kukwera, kugwa. Atandiuza kuti ndisankhe nyambo imodzi ya chaka chonse, ndingatenge imeneyi, yoyera ndi chikasu chobiriwirako. Chenjezo limodzi: valani magalasi ndi chipewa. Timaso tachitsulo tija tikamabwera kuchokera kumbuyo pa liwiro, mphepo n'kutikankhira kwa inu, timaboola khutu.

Kenako Woolly Bugger, ya Russell Blessing, nayenso wa ku Pennsylvania, ya mu 1967. Thupi la ulusi wonenepa, nthenga yozungulira thupilo, mchira wa nthenga zofewa kwambiri zomwe zimavina m'madzi ngakhale nyambo itaima. Palibe amene amadziwa kuti nsomba imaiona ngati chiyani. Mwina msundu, mwina mbululu, mwina mwana wa tombolombo. Yakuda kapena yobiriwira moderako, pa mbedza ya nambala 4 kapena 6, imagwira tsiku limene zina zonse zakanidwa. Imagwiranso nsomba zina zimene sunaziitane.

Za mitundu anthu amalankhula zambiri, ine ndimatsata zochepa. Madzi oyera, nyambo yofanana ndi tinsomba ta momwemo, yoyera, yotuwa, yobiriwira. Madzi amatope, yakuda kapena yowala kwambiri. Kukamada, yakuda, chifukwa nsomba ikuyang'ana kuchokera pansi ndipo chakuda ndicho chimaoneka bwino pa thambo. Chofunika kuposa mtundu ndi kukula kwake ndi kuya kumene nyamboyo ikuyenda. Musanasinthe mtundu, yambani mwasintha liwiro la kakokedwe.

Manambala a mbedza nawo amasokoneza: 6 ndi yaing'ono kuposa 2, koma mukadutsa 1 zimatembenuka, 2/0 ndi yaikulu kuposa 1/0. Za bass zambiri zili pakati pa 4 ndi 2/0. Onetsetsani kuti mpata wa pakati pa nsonga ndi thupi la nyambo ndi wotakasuka. Popper zina zotchipa mutu wake umatseka mpatawo, nsomba imaluma koma mbedza osalowa. Ndipo za m'maudzu zikhale ndi kanayiloni kolimba kotchinga nsonga. Bass ili m'malo oipa, momwe mbedza yosatchinga imakola pa kuponya koyamba. Woopa kutaya nyambo amaponya pakati pa damu poyera, n'kubwerera kunyumba nyambo zonse zili bwinobwino, nsomba ayi.

Ikaluma, musakweze ndodo kumwamba ngati mmene timachitira ndi matemba. Kukamwa kwa bass n'kolimba ndipo ndodo ya fly ndi yofewa kunsonga. Kokani chingwe ndi dzanja mwamphamvu, ndodo ikuloza kunsomba, kenako ndiye mukweze.

Pali nkhani ina imene sindingailumphe, chifukwa imandivuta ndikamachotsa mbedza. Asodzi a bass muno ali ndi mwambo wobweza nsomba m'madzi. Amaijambula, amaipsompsona ena, n'kuisiya ipite. Tsiku loyamba kuuza malume anga pafoni kuti anthu kuno amatero, anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa ngati anthuwo ali bwinobwino m'mutu. Kwa munthu amene anaona ndiwo zikusowa, kubweza nsomba ya makilogalamu awiri ndi chipongwe kwa Mulungu. Koma chodabwitsa n'chakuti akatswiri a zachilengedwe muno ali mbali ya malume, ngakhale pa chifukwa china. Bass, makamaka smallmouth, yatha nsomba za m'mitsinje ya ku Cape, tinsomba ta zipsepse zofiira timene sitipezeka kwina kulikonse pa dziko, ndi ana a Clanwilliam yellowfish. Tinsombati tinakhala zaka zikwizikwi popanda mdani wotere, ndiye sitidziwa n'kuthawa komwe. Mu 2012 ndi 2013, bungwe la CapeNature linachita kuthira mankhwala a rotenone m'chigawo china cha mtsinje wa Rondegat ku Cederberg kuti liphe bass, ndipo nsomba za komweko zinayamba kubwerera.

Ndikamva zimenezi maganizo amapita kunyanja kwathu, ku mbuna za ku Cape Maclear ndi mitundu mazanamazana ija. Tikudziwa zimene Nile perch inachita ku nyanja ya Victoria itaikidwamo m'zaka za m'ma 1950. Choncho nsomba imene ndimaikonda kuiwedzayi ndimaidziwa kuti ndi chigawenga, ndipo sindingafune kumva kuti wina wainyamula m'ndowa kukaithira mumtsinje wolowera m'nyanja yathu. Munonso malamulo salola kusamutsa bass kuchoka m'madzi ena kupita ena popanda chilolezo. Pa damu la pafamu, lotsekeka, ndimatsata zimene mwini wake wanena. Akati bwezani ndimabweza, popeza ndi iye wanditsegulira geti, ndipo kwa munthu wakuda wachilendo wonyamula ndodo geti lotere silitseguka kawiri ukalakwitsa. Koma mumtsinje, bass imene yaluma Clouser yanga imapita m'chikwama. Nyama yake ndi yoyera, minga yochepa. Siifika pa chambo, tisanamizane, ndipo ya m'madzi amatope imanunkhira dothi ukapanda kuisenda khungu. Koma yokazinga bwino, tomato ndi anyezi pambali, nsima ya ufa woyera, anzanga ondiseka aja amafika ndi mbale zawo osaitanidwa.

Pa za ndalama, mmene ine ndimagawira ndi motere. Ndodo yapakatikati, ngakhale yogula kwa wina. Chokulungira chingwe chotchipa, chifukwa bass sithamanga mtunda wautali ndipo nthawi zambiri umaikoka ndi dzanja. Chingwe chabwino kwambiri chimene mungakwanitse. Nyambo zisanu ndi imodzi: popper ziwiri, Clouser ziwiri, Woolly Bugger ziwiri. Chilolezo chowedzera musaiwale, ndi chotchipa kuposa chindapusa.

Nyambozo pambuyo pake mudzayamba kumanga nokha, chifukwa Clouser ndi zinthu zinayi zokha ndipo imatha mphindi zisanu. Woolly Bugger imafuna nthenga ya pakhosi kapena pamsana pa tambala. Za m'sitolo zimachokera ku nkhuku zowetedwera nthenga basi, ndipo mtengo wake umaposa wa tambala wamoyo pa msika wa ku Lunzu. Mayi wina wa ku Zimbabwe amene amagulitsa nkhuku zachikuda pafupi ndi pomwe ndimakhala amandisungira nthenga za atambala akuda m'kapepala ka shuga. Poyamba ankandiyang'ana mokayikira, mpaka anandifunsa mosabisa ngati ndi za kwa sing'anga. Ndinamuonetsa Woolly Bugger imodzi ndi chithunzi cha nsomba yake. Pano amasankha yekha zazitali, zonyezimira, ndipo wanena kuti September akafika, madzi akayamba kufunda, malipiro ake ndi bass ziwiri zosenda kale.